Mtovu m'chitsime cha kugombe: zomwe tidaona poyesa sefa ya zigoba za nkhanu ku Nkhotakota

Nkhaniyi idayambira kusikelo ya ana. Alangizi a zaumoyo a dera lina kumwera kwa boma la Nkhotakota adaona kuti ana a mabanja atatu oyandikana akungobwerabwera ndi madandaulo amodzimodzi: m'mimba kupota, kudzimbidwa, magazi kuchepa, kusafuna kudya. Malungo adayezedwa, mankhwala a njoka za m'mimba adaperekedwa, a likodzo nawonso, poti kunyanja kuno likodzo sitichita kulifunafuna. Ena adapeza bwino. Ana awiri a nyumba imodzi adangokhala chimodzimodzi, wamng'onoyo n'kumachedwanso kulankhula poyerekeza ndi anzake a msinkhu wake. Tsiku lina alangiziwo adazungulira kuseri kwa nyumbayo kukaona chimbudzi, n'kupeza mulu wa mabatire ong'ambidwa, chitsime chili poteropo. Madzulo ake adandiimbira foni.

Ntchito yanga ndi yoyeza madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Zomwe ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku ndi tizilombo ta m'chimbudzi, mchere, dzimbiri, mwina ndi fluoride, uja amadetsa mano akachuluka m'madzi. Za mtovu ndinkaziwerenga ngati nkhani za kwa eni migodi: ku Kabwe m'dziko la Zambia, komwe mgodi udatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likudwalitsabe ana, kapena ku Zamfara ku Nigeria, komwe mu 2010 ana oposa 400 adamwalira chifukwa miyala ya golide yomwe makolo awo ankapera pakhomo inali ndi mtovu. Kugombe la asodzi a usipa sindinkayembekezako zoterezi.

Zomwe tidapeza pakhomopo

Eni nyumba ndi bambo wa luso la manja. Chiyambire pomwe asodzi adasiya nyali za palafini n'kuyamba kuwedzera usipa ndi mababu a batire, komanso nyumba zambiri zitagula sola, mabatire akufa adachuluka pagombe. Bambowa amawakonza. Lomwe lakana kudzuka amalitema ndi chikwanje, asidi n'kukhuthulira pamchenga, zitsulo za m'katimo n'kuzisungunula m'chiwaya pambaula ya makala. Mtovu wosungunukawo amauthira m'timaenje ta pamchenga kupanga zolemeretsa maukonde, wotsala n'kugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Zikhokhombe za mabatirewo sizitayidwa: china chinali chomweramo nkhuku, china mpando wa mwana. Nditafika ndidapeza kamtsikana kakusefa mchenga ndi kachitsulo ka m'batire kooneka ngati kasefa, kakuphika masanje. Mchenga wa pamalopo unali wotuwa, wonyezimira pang'ono dzuwa likaomba.

Chitsimecho n'chokumba pamanja, chosawaka, chosavindikira, madzi ake mumawafika ndi chingwe chachifupi. Bambowa ankatsukira pompo zida zawo ndi manja awo, ndowa yake yomweyo yotungira. Mtovu paokha suyenda msanga m'dothi, umakakamira. Koma dothi la kugombe ndi mchenga wokhawokha, madzi a pansi ali pafupi, ndipo asidi wa m'batire amausungunula n'kuutsegulira njira. Mvula ikagwa, zonse za pabwalo zimatsetserekera kukamwa kwa chitsime.

Ndidatenga masampulo anayi: madzi a m'chitsime momwe alili, madzi omwewo nditawadutsitsa pakasefa ka mabowo ang'onoang'ono osaoneka ndi maso (0.45 micron), madzi a pamjigo wa m'mudzimo, ndi a m'nyanja. Botolo lililonse ndidadonthezamo nitric acid kuti zitsulo zisamatirire m'mbali mwa botolo, n'kuwanyamula m'kabokosi ka ayezi pa minibasi, msewu wa M5 mpaka ku Salima, kenako ku Lilongwe komwe kuli makina oyezera zitsulo m'madzi.

Mlingo womwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika pa mtovu m'madzi akumwa ndi mamiligalamu 0.01 pa lita. Madzi a m'chitsime adaupitirira kangapo konse. Odutsa pakasefa aja adatsika kwambiri koma adakhalabe pamwamba pa mlingo. Kusiyana kumeneku kudandiuza chinthu chomwe chidatsogolera ntchito yonse: gawo lalikulu la mtovuwo linali tizidutswa toyandama, tomwe mchenga wamba ungagwire, ndipo gawo lina linali losungunuka, lomwe mchenga sungalione n'komwe. M'nyanja ndi pamjigo mtovu sudapezeke. Pamjigo padapezeka chitsulo chopitirira mamiligalamu 0.3 pa lita, mlingo womwe madzi amayamba kununkha dzimbiri ndi kudetsa zovala.

Apa ndi pomwe padagona nkhani. Mjigo ulipo, ukugwira ntchito, koma amayi adauthawa. Madzi ake amatuluka oyera, akakhala m'ndowa amafiira. Nsima imatuluka yoderako, tiyi amada ngati inki, malaya oyera a ana asukulu amachita mawanga. Madzi a m'chitsime ndi ozizira, okoma, oyera mbee. Mtovu ulibe fungo, ulibe mtundu, pakamwa sumveka.

Pabwalo la amfumu

Tidakumana pansi pa mtengo wa mango, komiti ya mjigo ilipo, alangizi alipo, bambo wa mabatire atakhala kumapeto atazolika. Nditafotokoza zotsatira, amfumu adapukusa mutu n'kuti, "Chikomekome cha mkuyu." Sadamalize mwambiwo, aliyense adaumaliza yekha mumtima.

Agogo ena aakazi adakweza dzanja. "Mwanangu, tingomawiritsa basi. Nthawi ya kolera tinkatero." Ndidawayankha kuti, "Agogo, moto umapha tizilombo chifukwa tili ndi moyo. Mtovu ndi chitsulo. Mukawiritsa, madzi ena amauluka ngati nthunzi, mtovu n'kutsala wonse mumphika, tsopano m'madzi ochepa." Wina adafunsa za WaterGuard. Yankho ndi lomwelo: klorini ndi wa tizilombo. Ndidaonjeza kuti mwana akameza mtovu thupi lake limayamwa kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, makamaka mwana woperewera zakudya, ndipo umakakhala m'mafupa zaka zambiri, ukuononga ubongo mwakachetechete.

Langizo langa loyamba linali loti chitsime chitsekedwe tsiku lomwelo. Onse adavomera ndi pakamwa. Alangizi adandinong'oneza tikutuluka kuti ndisadzinamize: mjigo uli patali, m'mawa pamakhala mzere, ndipo pali nkhalamba ndi amayi oyembekezera omwe sangasenze ndowa mtunda wonsewo. Anthu adzatungabe usiku. Ndiye funso lidasanduka lakuti, m'miyezi yomwe tikukonza zinazi, omwe atungebe pachitsimepo tiwateteze bwanji ndi zinthu zopezeka pompano.

Chifukwa chomwe tidaganizira nkhanu

Zamoyo zimamanga matupi awo ndi ulusi wautali womwe akatswiri amautcha biopolymer. Wa m'zomera ndi cellulose, womwe uli m'mankhusu a mpunga, m'zitsononkho ndi m'makoko a nzimbe zofinya. Wa m'zigoba za nkhanu ndi chitin, ndipo ndi womwewo uli m'khungu la ziwala, ngumbi, ngakhale nkhungu zija zimatuluka panyanja ngati utsi. Mfalansa wina, Henri Braconnot, adaupeza koyamba mu 1811 m'bowa. Ulusi woterewu uli ndi timalo tambirimbiri tomwe timakoka zitsulo zosungunuka m'madzi. Pofotokozera asodzi ndinkati ndi chingwe cha mbedza zambiri: mtovu ukamadutsa umakodwa. Iwo adamva msanga, ndipo mmodzi adafunsa funso lomwe ine ndikadayenera kulisunga pamtima: "Nanga mbedza zonse zikadzaza, nsomba zinazo zimatani?"

Chitin akamuphika m'soda wamphamvu, uja amapangira sopo, amasanduka chitosan, yemwe mbedza zake zimakhala zotseguka, ndipo amagwira bwino mtovu, mkuwa ndi chitsulo china chapoizoni chotchedwa cadmium madzi akakhala pa pH (mlingo wa kuwawasa kwa madzi) ya 5 mpaka 6 kapena kupitirira pang'ono. Madzi akawawasa kwambiri mbedzazo zimatsekeka, chitosan mwini n'kuyamba kusungunuka. Palinso alginate, wochokera ku ndere za m'nyanja zamchere, yemwe amakonda mtovu kuposa zitsulo zina zambiri ndipo kupanga mikanda yake n'kosavuta. Ameneyo tidamusiya chifukwa ngwoitanitsa kunja, ndipo sindidafune kuyambitsa chinthu chodzaima tsiku lomwe ndalama zakunja zasowa. Nthangala za chamwamba tidaziganiziranso, poti akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba adaonetsa mu 2006 kuti ufa wake umachotsa mtovu m'madzi. Vuto lake ufawo umafuna kuthira, kutakasa ndi kudikha ulendo uliwonse, ndipo matope otsalawo mayi aliyense akadamawataya pakhomo pake tsiku ndi tsiku. Ine ndinkafuna mtovuwo uzisonkhana pamalo amodzi pomwe ndingakautenge.

Nkhanu pagombe n'zosasowa. Zimakodwa m'maukonde, asodzi amadana nazo chifukwa zimadya nsomba zokodwa ndi kudula ulusi, ndipo ambiri kuno sazidya. Tidangouza alovi kuti azizisonkhanitsa. Mankhusu a mpunga ndiye osanena, Nkhotakota ndi kwawo kwa mpunga, pachigayo chilichonse pali phiri lake lomwe amangolitentha.

Kapangidwe kake

Tidapanga mitundu itatu kuti tiyerekeze. Yonse inali ndi ndowa ya malita 20 pamwamba, yokhala ndi timiyala ndi mchenga wotsuka wa kumtsinje, yogwira tizidutswa tija. Pansi pa ndowa tidalumikiza paipi ya pulasitiki yotalika ngati mkono, momwe munali chogwira mtovu wosungunuka, kenako kampopi kothira m'chigubu. Mtundu woyamba m'paipimo tidaikamo mankhusu a mpunga owiritsa ndi kutsuka. Wachiwiri zigoba za nkhanu zosinja. Wachitatu mikanda ya chitosan.

Zigoba za mtundu wachiwiri tidazikonzera m'mudzi momwemo. Kuchotsa nyama, kuwiritsa, kuyanika pathandala la usipa masiku atatu, kusinja mumtondo womwe tidagula kuti ukhale wa ntchito yokhayi, n'kusefa kuti titsale ndi tizidutswa tofanana ndi mphale. Zosalala kwambiri zimatseka paipi, zikuluzikulu madzi amangodutsa osagwidwa.

Chitosan ndiye adatidyera nthawi, ndipo ameneyu ndidakapangira kulabotale. Chigoba cha nkhanu mbali yake yaikulu ndi laimu wachilengedwe, calcium carbonate. Ameneyu mumamuchotsa poviika mu hydrochloric acid wosungunula, ndipo zimachita thovu ngati thobwa lowira. Kenako mumawiritsa m'soda wofatsa kuchotsa zotsalira za nyama. Chotsala choyeracho ndiye chitin. Kuti akhale chitosan mumamuphika m'soda uja amapangira sopo, wa mphamvu ya magawo 40 mpaka 50 pa 100, pamoto wa madigiri pafupifupi 100, kwa maola angapo. Soda wotere akakudontherani pakhungu amaboola, m'maso ndiye basi. Aliyense wouza anthu akumudzi kuti achite zimenezi pamafuwa sawafunira zabwino. Ndowa yodzaza zigoba idandipatsa ufa wosadzaza manja awiri.

Ufawo ndidausungunula mu viniga wothira madzi, magalamu 2 pa mamililita 100, mpaka udachita nanda ngati therere. Ndidaukoka m'sirinji n'kumadontheza m'beseni la madzi a soda. Dontho lililonse likangogwera limauma kunja n'kukhala kamkanda koyera ngati dzira la chambo. Ntchito yake ndi yosangalatsa kuonerera mphindi khumi zoyamba, ikafika ola lachitatu chala chachikulu chimachita dzanzi. Mikandayo idagona m'sodamo usiku, m'mawa n'kuitsuka mobwerezabwereza mpaka pepala loyezera pH litasiya kusintha mtundu.

Chinthu chimodzi chomwe tidalimbana nacho ndi liwiro. Mbedza zimafuna nthawi. Madzi akathamanga amatuluka ndi mtovu wawo. Tidamanga kampopi kuti kazingodontha mwakuti ndowa imodzi izitha maola angapo, n'kuuza amayi kuti azithira madzulo, m'mawa apeze chigubu chadzaza. Tidagwirizananso kuti madzi osefawo akhale akumwa ndi kuphikira basi, ndipo azithiramo klorini akatuluka, chifukwa sefayi siipha tizilombo.

Zotsatira, ndi pomwe ndidalakwitsa

Sabata yoyamba mitundu yonse itatu idatsitsa mtovu. Ya mankhusu idatsitsa koma siidafike pansi pa mlingo, ndipo nditayeza madzi ongodutsa mumchenga osafika m'paipi ndidaona kuti ntchito yambiri pamenepo idagwiridwa ndi mchengawo. Madzi ake ankatulukanso achikasu pang'ono ngati tiyi wosapsa. Tidaichotsa msanga. Ya mikanda idafika pansi pa mlingo. Chomwe chidandidabwitsa, ngakhale ndidawerengapo kale, n'choti ya zigoba zongosinja nayonso idafika pansi pa mlingo, osatsalira m'mbuyo mwa mikanda ija ndidaithera masiku. Chifukwa chake ndi laimu yemwe ine kulabotale ndinkavutika kumuchotsa. Amasungunuka pang'onopang'ono, amachepetsa kuwawasa kwa madzi, mtovu n'kugwirana naye kukhala tizimiyala tosasungunuka tomwe timamatirira pachigoba pomwepo. Kunena zoona zidandiwawa pang'ono.

Zigoba zili ndi tsoka lake. Pofika sabata yachiwiri paipi ina idayamba kununkha ngati pagombe tsiku lopanda dzuwa. Tinyama totsalira m'timiyendo tidaola. Mayi wa nyumbayo adaitulutsa panja n'kubwerera kumwa za m'chitsime zosasefa, osauza munthu. Nditayeza madzi a m'paipiyo ndidapeza tizilombo tambiri kuposa tomwe tinali m'madzi olowa. Kuchokera pamenepo zigoba tinkayamba taziviika m'soda wofatsa usiku umodzi, n'kuzitsuka kwambiri tisanaziyanike. Fungo lidatha. Mabanja awiri adakanabe kumwa madzi odutsa m'nkhanu, lina pa zifukwa za chipembedzo, lina mseru chabe, ndipo sindidawaumirize. Amenewo tidawapatsa mikanda, titawauza poyera komwe idachokera. Banja limodzi lidalandira, linalo lidasankha kuyenda mtunda wa kumjigo. Tidafunsanso khomo lililonse ngati alipo yemwe thupi lake limatupa kapena kuyabwa akadya nkhanu.

Mikanda nayo ili ndi khalidwe lake. Ikauma imafota n'kulimba ngati mapira, ndipo mukaithiranso madzi siibwerera mwakale. Banja lina lidapita kumaliro ku Dwangwa masiku anayi, pobwera m'paipi muli timiyala, madzi akungodutsa m'mbali. Tidakhotetsa paipi yotulukira kuti ikwere m'mwamba pang'ono, madzi azitsalira m'kati nthawi zonse. Ana nawonso ankaiona ngati maswiti. Zivindikiro tidachita kumata.

Kulakwitsa kwakukulu kunali kwanga. Nditaona zotsatira zabwino za sabata yoyamba ndidatayirira. Ndidawerengetsera kuti banja limodzi likamasefa ndowa imodzi patsiku, paipi ikhala nthawi yaitali isanadzaze, ndipo poti kuyeza kulabotale kumadya ndalama ndi ulendo, ndidadumpha masabata angapo. Nditabwerera ndidapeza sefa ya nyumba ina ikutulutsa madzi okhala ndi mtovu wopitirira mlingo, oyera bwinobwino, okoma ngati kale. Nditafunsa, mayiwo adayankha mosabisa: "Achimwene, anzanga akabwera ndi ndowa ndiwabweze? Madzi samanana." Sefa ya banja limodzi inkatumikira mabanja anayi, ndipo kuti onse apeze, kampopi adakatsegula kuti kazithamanga. Iwo sadalakwe. Ine ndidawerengera banja la papepala, ndidaiwala kuti kwathu kuno chabwino chikalowa nyumba imodzi chalowa mudzi wonse. Funso la msodzi uja lidandibwerera: mbedza zikadzaza, nsomba zimangodutsa, ndipo pamwamba pa madzi sipaoneka kanthu.

Ichi ndi chomwe chimandidetsa nkhawa ndi masefa onse a mtundu uwu. Sefa ya mchenga ikatopa imatseka, madzi amasiya kutuluka, mwini amadziwa. Iyi ikatopa imapitiriza kutulutsa madzi ngati kuti zonse zili bwino, ndipo mayi amamwetsa khanda lake ndi mtima wokhazikika kuposa kale. Komanso mbedzazo sizisankha mtovu wokha. Chitsulo, zinki ndi zina za m'madzi zimalanda malo, ndiye kuchuluka komwe mumawerenga kuchokera kulabotale, komwe amayesera madzi oyera othira mtovu wokha, kumunda simungakupeze.

Tidakonza motere. Pa sefa iliyonse tidapachika chingwe, ndowa ikathiridwa amange mfundo imodzi, kaya ndi ya mwini kaya ya mnansi. Mfundo zikakwana chiwerengero chomwe tidagwirizana, chomwe ndidachiika pa theka la pomwe sefa ija idayambira kudutsitsa, paipi isinthidwe ngakhale ikuoneka yatsopano. Kampopi tidakaika chotchinga m'kati kuti ngakhale atsegule chotani liwiro lisasinthe. Ndipo tidaonjeza masefa kuti kubwerekana kuchepe.

Mtovu wogwidwawo upite kuti

Tsiku loyamba kusintha mapaipi ndidapeza mayi wina atayala zigoba zakale palichero. Amati aziyanike apatse nkhuku, poti adamva kuti zigoba zimalimbitsa mazira. Ndidachita kulumpha. Mtovu wonse wa madzi a mwezi wathunthu unali palicheropo, ndipo ukadabwerera kwa ana omwewo kudzera m'dzira.

Sefa siipha mtovu, imangousamutsa. Zigoba zakutha simungazitenthe, chifukwa utsi ndi phulusa zimaumwaza. Simungaziponye m'chimbudzi, chifukwa kugombe dzenje la chimbudzi ndi madzi a pansi zimapatsana moni. Mabuku amati mikanda mukhoza kuitsuka ndi asidi n'kuigwiritsanso ntchito, ndipo n'zoona, koma mukatero mwatsala ndi botolo la asidi wodzaza mtovu, lomwe ndi loopsa kuposa mikandayo, ndipo chitosan wosalimbitsidwa amasungunuka mu asidi momwemo. Chomwe tidachita n'kusakaniza zakuthazo ndi simenti ndi mchenga, n'kuumba timabuloko. Simenti imamanga mtovu kuti usasungunuke msanga. Buloko lililonse tidalipaka chizindikiro chofiira kuti wina asadzaliyese njerwa kapena fuwa.

Gwero lake

Madzi sanali njira yokha, mwinanso sanali njira yaikulu. Mwana wokwawa pamchenga uja n'kuika zala m'kamwa, kapena wokhala pafupi ndi mbaula pomwe chiwaya chikufuka, amalandira mtovu wambiri ngakhale atamwa madzi a m'botolo. N'chifukwa chake ana a nyumba ya mabatire ndiwo adadwala kwambiri pomwe chitsime ankamwa ndi anzawo. Alangizi adawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu kuti akayezedwe magazi. Malangizo a WHO a mu 2021 amati mtovu ukafika mamaikrogalamu 5 pa desilita ya magazi, gwero lifufuzidwe ndi kuchotsedwa. Mankhwala okokera mtovu kunja kwa thupi amaperekedwa kwa omwe wakwera kwambiri, ndipo sathandiza ngati mwana akubwerera kukasewera pamchenga womwewo. Kunyumba tidalimbikitsa kusamba m'manja asanadye, kukolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa fumbi, ndi zakudya: usipa wodya ndi minga yomwe, bonongwe, chisoso, nyemba. Thupi lokhuta calcium ndi ayironi limayamwa mtovu wochepa. Apa nyanja idatikomera, usipa suchita kugula patali.

Bambo wa mabatire anthu ena ankafuna awathamangitse m'mudzi. Ndidapempha amfumu kuti zisatero. Munthuyu sadadziwe, ndipo odwala kwambiri ndi ana ake. Nditakhala nawo pakhonde adandifunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti mwanayu ndamupweteka ndine?" Ndidawauza kuti chomwe chili m'manja mwawo tsopano ndi cha mawa. Adavomera kusiya kung'amba ndi kusungunula. Kukonza mawaya ndi kutchaja akupitiriza, koma batire lakufa amaligulitsa lathunthu, asidi ali momwemo, kwa ogula omwe amabwera ndi galimoto. Ndalama yake ndi yocheperapo, iwonso amanena. Mchenga wa pamalo ogwirira ntchito tidaupala ndi mafosholo titaunyowetsa kuti usafuke, n'kuuthira m'migolo yotseka, pamalopo n'kuthirapo dothi lakatondo ndi kuwaka simenti. Zikhokhombe zonse tidatolera, ndi chomweramo nkhuku chomwe.

Chomwe chidachotsa anthu pachitsime pamapeto pake chinali cha kumjigo. Chitsulo cha m'madzi a pansi chikakumana ndi mpweya chimasanduka dzimbiri n'kudikha. Tidaonetsa amayi kuti akatunga azitsanula madzi kuchoka m'ndowa ina kupita m'ina kangapo kuchokera m'mwamba, awasiye agone, m'mawa atsanule a pamwamba kudutsa m'ndowa ya mchenga, yomwe ija inali pamwamba pa masefa athu. Tidaphika nsima miphika iwiri pamaso pa anthu, wina wa madzi ongotunga, wina wa madzi ogona. Agogo aja a zowiritsa ndiwo adalawa, n'kunena kuti wachiwiriwo angapatse mlendo. Komiti idagawa anyamata oti azitungira nkhalamba.

Pomwe zinthu zili

Mvula itatha ndidayezanso chitsime. Mtovu watsika poyerekeza ndi poyamba koma ukadali pamwamba pa mlingo, ndiye tidachivindikira ndi silabu. Madzi ake akuumbira njerwa basi, kudimba la masamba tidaletsa. Masefa ambiri tidawachotsa, ndowa za mchenga n'kutsala kwa eni ake. Atsala awiri, onse a zigoba: wina kwa agogo omwe amakhala okha kumapeto kwa mudzi ndipo ndikudziwa kuti anyamata akachedwa amatunga pachitsime china chapafupi ndi chakalecho, wina kunyumba ya mabatire komwe mayi ake sakhulupiriranso madzi alionse osadutsa m'paipi. Mapaipi awiriwa ndimasintha ndekha mwezi ndi mwezi, osadikira mfundo. Mwana wamkulu uja m'mimba mudasiya ndipo wabwerera kusukulu. Wamng'onoyo akupitabe kusikelo, mawu akubwera koma mochedwa.

Migolo ya mchenga ndi timabuloko tofiira tili m'kachipinda kokhoma kuseri kwa ofesi yathu, pamwamba pa mapulanga kuti chinyezi chisafike. Ndalemba makalata kufunsa komwe zinyalala zoterezi zingalandiridwe. Mwezi uno ndaonjezapo timabuloko tiwiri.